Diso la Makina Pakusaka Tizirombo ta Malungo

Mvula ikagwa ku Thyolo, tiyi amaphukira mwamphamvu ndipo ntchito yothyola masamba imachuluka m'minda ya Satemwa, Conforzi ndi Naming'omba. Nyengo yomweyo udzudzu nawo umaswana m'zithaphwi. Wantchito akamva kuphwanya m'thupi amaopa kutaya malipiro a tsikulo, choncho amangogula mapiritsi pagolosale. Awerengi athu, kutentha thupi kulikonse si malungo ai. Nchifukwa chake m'chaka cha 1880 dziko lidapindula pamene dokotala wa ku France, Alphonse Laveran, adaona kachirombo ka malungo m'magazi a wodwala ku Algeria pogwiritsa ntchito maikulosikopu.

Njira imeneyi ikadalipo. Dontho la magazi a pachala limapakidwa pakagalasi, limauma, kenaka limathiridwa utoto wotchedwa Giemsa kuti tizirombo tioneke. Woyeza ayenera kuunika malo osachepera 100 pakagalasi kamodzi asananene kuti mulibe kanthu. Odwala akachuluka, maso ake amatopa, ndipo tizirombo tochepa tikhoza kumuphonya.

Lero akatswiri adapanga mapulogalamu a pakompyuta othandiza ntchitoyi. Kamera imajambula zimene maikulosikopu ikuona. Pulogalamuyo, imene idaphunzitsidwa ndi zithunzi zambirimbiri zosankhidwa ndi oyeza odziwa, imazindikira maonekedwe a kachirombo, imatiwerenga, nkusonyeza woyeza malo okayikitsa. Makina ena otere, otchedwa miLab, ochokera ku South Korea, adayesedwapo kuno ku Malawi.

Kodi kuwerengako nkwantchito yanji? Tizipangizo toyezera malungo mwamsanga, timene tidafika m'zipatala zathu m'chaka cha 2011, timangonena kuti malungo alipo kapena ai, ndipo tikhoza kusonyezabe malungo kwa milungu ingapo munthu atachira. Koma chiwerengero cha tizirombo chimauza dokotala kukula kwa matenda, ndiponso ngati mankhwala akugwira ntchito.

Komabe makina amaona zokhazo zimene zili pakagalasi. Galasi likakhala lakuda, kapena utoto ukasakanizidwa molakwika, nawonso amasokonezeka. Mawu otsiriza amakhalabe a woyeza wophunzira bwino. Ndiponso makinawa sanafike m'zipatala zambiri zakumidzi.

Motero udindo woyamba ndi wanu. Thupi likatentha, makamaka la mwana kapena la mai woyembekezera, pitani kuchipatala tsiku lomwelo mukayezetse magazi. Akakupezani ndi malungo, imwani mankhwala a LA masiku onse 3, ngakhale mutayamba kupeza bwino. Ngati malungo sanapezeke, lolani a chipatala afufuze nthenda ina.