Mphunzitsi wa Sayansi ku Dimba

Anzathu a m'koperativa, ena mwa ife timadabwa tikaona mphunzitsi wa sayansi atagwira khasu pakati pa ana. Timafunsana kuti, "Kodi choko chatha kusukulu?" Iyayi, sichinathe. Ntchito imeneyi ili ndi pamene inayambira.

M'chaka cha 2003, m'chigawo cha Manica, mabungwe a FAO ndi WFP anayambitsa sukulu za kumunda za achinyamata. Nthawi imeneyo Edzi inali itatenga makolo ambiri. Mayi akamwalira, ankapita nazo nzeru zake zosankhira mbewu. Ana amasiye anatsala ndi munda, koma wowalangiza panalibe. Tsono aphunzitsi ndi alangizi a zaulimi ankasonkhanitsa anyamata ndi atsikana, pafupifupi 30 pagulu, nawaphunzitsa kuyambira kusosa mpaka kukolola.

Nanga mphunzitsi amabweretsa chiyani ku dimba? Kulima tonse timadziwa kale. Iye amabweretsa kuyesa.

Taonani. Ana akonza mabedi awiri ofanana, nabzala mpiru tsiku limodzi. Bedi lina aliphimba ndi udzu wouma, lina alisiya poyera. Madzi athira ofanana: ndowa imodzi uku, ndowa imodzi uko. Patapita masiku awiri, mwana apisa chala m'dothi. Pansi pa udzu mpamnyontho, poyera paja pauma gwa! Udzu watchinga dzuwa ndi mphepo, madzi sanathawe. Kuno ku Maravia, kumene zitsime zimaphwa mwezi wa Okutobala, phunziro limeneli si lamasewera. Funsani amene amasenza madzi.

Tsiku lina azula mtedza. Pamizu pake pali timibulu. M'menemo mumakhala tizilombo tosaoneka ndi maso, totenga nayitrojeni mumpweya. Chakudya cha mbewu chimenechi ndi chomwe timagula ndi ndalama m'thumba la ureya. N'chifukwa chake chimanga chimakondwa pamene panali mtedza chaka chatha. Agogo athu ankaziona zimenezi, kungoti tizilomboto sankatidziwa.

Koma kuyesa kumafuna kulemba, pakuti mutu umaiwala. Apa mpamene zilembo taphunzirazi zigwire ntchito. Sabata ino tipatse ana athu mabedi awiri m'dimba la koperativa. Ife titenge kope. Tilembe tsiku lobzala, ndowa zimene tathira, ndi mitolo ya mpiru imene tithyole pa bedi lililonse. Makopewo tidzabwere nawo ku kalasi, tidzawerengere pamodzi.