Mpikisano Umathera Pafupi ndi Dengu

Inu makolo ndi achinyamata a m'mipingo yathu, mwezi uno ndifuna tichezerane za masewera ena achilendo kwa ambiri a ife, koma amene ali ndi phunziro loyenera m'nyumba iliyonse. Masewerawa adayambira ku America, ndipo eni ake amawatcha disc golf. Ife tingawatche gofu wa mbale, pakuti m'malo momenya kampira ndi ndodo monga achitira a gofu, osewera amaponya mbale ya pulasitiki imene imauluka ikuzungulira mpaka ikalowe m'dengu lachitsulo. Pabwalo pamakhala madengu 9 kapena 18, ndipo wopambana ndi amene wamaliza madengu onsewo ataponya kochepa kuposa anzake.

Mawerengedwe ake ndiwo adandipatsa chidwi. Munthu akaponya mbale mtunda wa mamita 100, amawerenga kamodzi. Akaponya ali mamita 3 kuchokera padengu, amawerenganso kamodzi. Motero mnyamata wamphamvu amene wafika pafupi ndi dengu ataponya kamodzi kokha, koma nkuphonya kawiri ali pomwepo, amagonja kwa nkhalamba imene yafika itaponya kawiri nkulowetsa nthawi yomweyo. Kuponya kwa pafupi kumeneku, kumene Azungu amakutcha putting, ndiko tikambirane lero.

Chiyambi cha dengu

Munthu amene amadziwika kuti ndi tate wa masewerawa ndi Ed Headrick, amene ankagwira ntchito ku kampani ya Wham-O, eni ake a mbale youluka yotchedwa Frisbee. M'chaka cha 1975 iye adakonza bwalo loyamba lokhazikika ku Oak Grove Park, ku Pasadena m'chigawo cha California. Masiku amenewo osewera ankangolinga mizati kapena mitengo, ndipo mikangano sinkatha: wina akuti mbale yakhudza, wina akuti yadutsa pambali. Headrick adaganiza zolenjeka maunyolo pamwamba pa dengu, kuti mbale ikawomba maunyolowo mphamvu yake ithe ndipo igwere m'dengumo. Boma la America lidavomereza mu 1977 kuti luso limeneli ndi lake. Iye yemweyo ndiye adayambitsa, mu 1976, bungwe la Professional Disc Golf Association limene limasunga malamulo a masewerawa. Anzake ankamutcha "Steady", ndiko kunena munthu wosagwedezeka. Adamwalira mu 2002.

Dengu limakhala pamzati wachitsulo, mkombero wake uli pafupifupi masentimita 82 kuchokera pansi, chapafupi ndi m'chiuno mwa munthu wamkulu. Pakati pa mkomberowo ndi denga lake pali mpata wa theka la mita, ndipo mumpata umenewu ndi mmene mumalendewera maunyolo. Mpatawu umaoneka waukulu munthu akamaonerera anzake, koma akaima yekha mbale ili m'manja, anzake ali chete kumbuyo kwake, umachepa modabwitsa.

Lamulo la mamita 10

Pali lamulo limene wophunzira aliyense ayenera kuyamba walidziwa. Munthu akakhala m'kati mwa mamita 10 kuchokera padengu, saloledwa kudumphira kapena kugwera kutsogolo akaponya. Ayenera kuonetsa kuti waima bwinobwino kumbuyo kwa chizindikiro cha pamene mbale yake idagwera, kenaka ndi pamene angayende kukatenga mbale. Akaphwanya lamuloli amamuonjezera kuponya kumodzi ngati chilango. Ndiponso poponya pafupi chotere amapatsidwa masekondi 30 okha.

Lamulo limeneli likutiuza kale chimene chifunika. Pafupi ndi dengu nyonga ya mkono siithandiza kwenikweni. Chofunika ndi thupi lokhazikika ndi mtima wodekha.

Mbale, mapazi ndi maso

Choyamba ndi mbale yoyenera. Mbale zonse za masewerawa zimakhala zosachepera masentimita 21 m'mimba mwake, ndipo kulemera kwake sikupitirira magalamu 200, koma zimasiyana m'milomo. Zoponyera kutali zili ndi milomo yakuthwa yong'amba mphepo. Yoponyera pafupi ili ndi mlomo wokhuthala ndi wobuntha, imauluka pang'onopang'ono ndi molunjika, ndipo maunyolo amaigwira msanga. Wophunzira asankhe mtundu umodzi ndi kukhala nawo, kuti dzanja lizolowere. Chala chachikulu chikhale pamwamba, zala zina zitambasuke pansi pa mbale, ndipo chala cholozera chigone m'mbali mwa mlomo. Agwire monga momwe agwirira mbale ya ndiwo popereka kwa mlendo: osafinya, koma osalekereranso.

Chachiwiri ndi kaimidwe. Ambiri amatsogoza phazi la kumbali ya dzanja loponyera, zala zake zitaloza kumzati, phazi lina lili kumbuyo. Ena amatangadza miyendo mofanana, chifuwa chitayang'ana kudengu, ndipo kaimidwe kameneka kamathandiza pamene mtengo kapena chitsamba chatsekereza njira. Kulikonse kumene munthu wasankha, mphamvu ichokere m'miyendo. Apinde mawondo pang'ono, thupi litsamire kumbuyo pamene mbale ikubwera chapamimba, kenaka likankhike kutsogolo pamene mkono ukuwongoka. Amene amaponya ndi mkono wokha amatopa msanga, ndipo dengu likatalikira pang'ono amayamba kukoka mbale kumanja kapena kumanzere. Atsikana athu amene amaponya zigoli pa masewera a ntchemberembaye akudziwa kale zimenezi, kuti mpira umanyamuka ndi mawondo.

Chachitatu ndi maso. Wophunzira amayang'ana dengu lonse, koma katswiri amasankha mfundo imodzi ya unyolo, chapakati pa mpata uja, ndipo sachotsapo maso mpaka mbale itafika. Chifukwa chake nchomveka. Ukalinga dengu lonse nkuphonya pang'ono, mbale imapita kutchire. Ukalinga mfundo imodzi nkuphonya pang'ono, mbale imakhala idakali m'maunyolo.

Njira ziwiri zoponyera

Pali njira ziwiri zodziwika. Yoyamba ndi yokankha: mkono umakhala wowongoka ndithu, umanyamuka kuchokera chakumawondo, ndipo mbale imakwera pang'ono nkutsikira m'dengu. Ubwino wake ndi wakuti mbale siisochera kumbali, ndipo ikaphonya imagwera pafupi. Kuipa kwake ndi kwakuti mphepo imaisokoneza msanga. Yachiwiri ndi yozunguza: chigongono chimapindika, mbale imachokera chapamimba, ndipo dzanja limaifyatula kuti izungulire kwambiri ndi kupita molunjika ngati muvi. Imeneyi imalimbana ndi mphepo ndipo imafika patali, koma ikaphonya imapitirira dengu, mwini wake nkukhala ndi ntchito ina pobwerera. Osewera ambiri amaphatikiza ziwirizi. Palibe chifukwa chokanganirana kuti yabwino ndi iti. Yabwino ndi imene munthu angathe kuibwereza mofanana nthawi zonse.

M'njira zonse ziwiri, dzanja lisabwerere msanga mbale ikachoka. Likhale lotambasuka, zala zitaloza kumzati, monga munthu wopereka moni wa padzanja. Dzanja likathera kumbali, mbale nayo imapita komweko. Ndiponso mbale ichoke ili yogona bwino. Ikadzutsa mphuno kwambiri imakwera, liwiro nkutha, ndi kugwa isanafike.

Mphepo nayo iyenera kuwerengedwa. Ikamawomba kuchokera kudengu kubwera kumaso, imanyamula mbale, kotero munthu alinge chapansi ndipo asaonetse mimba ya mbale kumphepo. Ikamachokera kumsana imapondereza mbale pansi, kotero alinge chapamwamba ndi kuponya molimba. Wosewera wanzeru amayamba wathothola kaudzu nkukawaza m'mwamba kuti aone kumene mphepo ikulowera.

Mdani wamkulu ndi mantha

Kuphonya kwambiri kwa pafupi sikuchokera m'dzanja ayi, koma mumtima. Munthu akayamba kuopa kuti mbale ipitirira, amaiponya mwamanyazi, ndipo imawomba dengu chapansi nkugwa. Mbale imene siinafike pamaunyolo siingalowe ngakhale italunjika bwanji. Paja akulu adati mbewa ya manyazi idafera kuuna. Mankhwala ake ndi mwambo umodzi wosasintha: kuika phazi, kupuma mpweya kamodzi, kupeza mfundo ya unyolo, kuyeseza kamodzi kapena kawiri, ndi kuponya. Mwambo umenewu uchitike chimodzimodzi kaya dengu lili mamita 3 kaya mamita 9, kaya munthu ali yekha kaya pali khamu. Maganizo akatanganidwa ndi mwambowo, mantha amasowa pokhala.

Kuphunzira kwake kuyambe pafupi. Achinyamata amakonda kuima patali chifukwa mbale ikalowa anzawo amawomba m'manja, koma pochita zimenezi amangozoloweza thupi kuphonya. Ndi bwino kuima mamita 3 ndi kulowetsa kakhumi motsatizana, kenaka kubwerera m'mbuyo phazi limodzi. Ukaphonya kawiri, bwerera pamene udachokera. Mphindi 15 tsiku lililonse zimapindula kuposa maola 3 Loweruka lokha, chifukwa thupi likatopa limayamba kuphunzira zolakwika. Mphini yobwereza ndiyo imawala. Banja lofuna kuyesa pakhomo lingathe kumangirira dengu lakale pamzati ndi kulenjeka zingwe zokhuthala pamwamba pake m'malo mwa maunyolo.

Zimene zidachitika ku Ogden

Mu 2021, pa mpikisano wa dziko lonse ku Ogden m'chigawo cha Utah, James Conrad adafika padengu lomaliza atatsalira ndi kuponya kumodzi kumbuyo kwa Paul McBeth, amene panthawiyo adali atapambana kale mpikisanowo kasanu. Conrad adaponya ali mtunda wa pafupifupi mamita 75, ndipo mbale idakhota mumlengalenga nkukalowa m'dengu. Awiriwo adafanana, adapikisananso padengu lina, ndipo Conrad adapambana.

Achinyamata akamva nkhaniyi amalakalaka kuponya kotero. Komatu taganizani. Mpikisanowo udatenga masiku angapo ndi madengu ambirimbiri. Conrad akadaphonya kamodzi kokha mwa kuponya kwa pafupi kumene palibe akukukumbuka lero, kuponya kotchuka kuja sikukadamuthandiza kanthu. Zodabwitsa zimachitika kamodzikamodzi, ndipo zimapindulira munthu amene wasamala zazing'ono zonse zam'mbuyo. Ken Climo, amene adapambana mpikisano womwewu maulendo 12 pakati pa 1990 ndi 2006, sakadafika pamenepo ndi mwayi wa tsiku limodzi.

Phunziro kwa ife

M'zaka zimene ndakhala ndi choko m'manja ndaona ana ambiri anzeru akulephera mayeso mwa njira yomweyi. Mwana amatha samu yovuta yogawa, koma pamzere womaliza amaphonya kuphatikiza 7 ndi 8 chifukwa mtima wathamangira kale kufunso lina. Mlimi amalima munda waukulu, koma nkusiya nkhokwe yosafolera, chimanga nkuwola. Mnyamata amayankha bwino mafunso onse m'kalasi ya ubatizo, koma nkulephera kubweza chenji chimene amayi ake adamutuma nacho kusitolo. Onsewa aponya kutali bwino, koma aphonya ali pafupi ndi dengu.

Makolo, tisamangoyamika ana athu pa zazikulu zooneka ndi anthu. Tiziwayamikanso akamaliza bwino kantchito kakang'ono kamene palibe wina wakaona, ndipo ifenso atione tikuchita chimodzimodzi. Ndi bwino kudziwanso kuti m'masewerawa, kawirikawiri, sipakhala woimbira mluzu woyenda ndi gulu lililonse. Osewera amayang'anirana okha, ndipo munthu amayembekezeka kuvomera yekha phazi lake likadumpha chizindikiro. Mwana amene waphunzira kunena zoona pa kanthu kotere adzanena zoona akadzasunga chuma cha mpingo.

Inu achinyamata, nyonga muli nazo ndipo ndi mphatso yochokera kwa Mulungu. Koma kuthamanga sikufika. Pa mapemphero a m'banja sabata ino werengani Luka 16:10, ndipo aliyense atchule ntchito imodzi yaing'ono imene wakhala akuisiya yosamaliza. Mawa lake ayambe ndi imeneyo.