Matanthwe omwe anagonja pang'onopang'ono

Thanthwe silisweka tsiku lomwe lasenza katundu. Limapirira kaye, uku mkati mwake timing'alu tosaoneka ndi maso tikukula, makamaka pomwe chinyontho chalowa n'kumadya nsonga za timing'aluto. Poyamba limawerama msanga, kenako limadekha kwa miyezi kapena zaka. Ming'alu ija ikalumikizana, limagumuka kamodzi n'kamodzi.

Odekha mtima koposa pofufuza zimenezi anali Kumagai ndi Ito a ku Japan. Mu 1957 anagoneka mipiringidzo ya mwala wa granite, yotalika mamita awiri ndi pang'ono, n'kumaiyeza kwa zaka zoposa 30. Inkapindika ndithu, ngakhale kuti diso silikanaona.

Mgodi wakuya koposa padziko lonse ndi Mponeng, kufupi ndi Carletonville ku South Africa, womwe watsika pafupifupi makilomita 4. Kumeneko thanthwe limapanikizika mpaka kumaphulika ngati bomba. Azigogo athu omwe ankapita ku Joni ndi Wenela ankakumba golide m'miyala ya mtundu womwewu.

Koma ngozi yomwe imandiwawa mtima ndi ya ku Coalbrook, yoopsa koposa m'mbiri ya migodi ya South Africa. Mgodiwu unali wa malasha, ndipo denga lake linkagwiridwa ndi nsanamira za malasha omwewo, zomwe okumba ankazisiya dala. Nsanamira zina zinali zitasemedwa mpaka kuonda. Pa 28 December 1959 chigawo china chinagwa, koma ntchito sinaime. Pa 21 January 1960 masana pansi panayamba kulira, anthu anathawira kunja, n'kuuzidwa kuti abwerere. Madzulo ake nsanamira pafupifupi 900 zinagonja motsatizana. Anthu oposa 430 anatsekeredwa, ambiri a ku Lesotho ndi Mozambique, ndipo mitembo yawo ili pansi pomwepo mpaka lero. Ndi maliro amenewa omwe anachititsa kuti akatswiri Salamon ndi Munro atulutse, mu 1967, masamu owerengera mphamvu za nsanamira.

Ku damu la Vajont, m'dziko la Italy, phiri la Monte Toc linakhala likutsetsereka pang'onopang'ono kwa zaka zitatu, akatswiri akuliyeza. Usiku wa 9 October 1963 linagwera m'damu. Madzi anadumpha khoma lotalika mamita oposa 260 n'kusesa tauni ya Longarone, anthu pafupifupi 2,000 n'kufa. Khomalo likadaimabe.

Ku Bingham Canyon, mgodi wa kopa m'chigawo cha Utah ku America, ankaliyezanso thanthwe lawo, ndipo anakhulupirira zomwe zipangizo zinkawauza. Ataona kuti khoma la mgodi likuwonjezera liwiro tsiku ndi tsiku, anachotsa antchito onse. Pa 10 April 2013 linagumuka, chigumukire chomwe pa nthawiyo chinali chachikulu koposa chosachokera ku phiri lophulika moto m'mbiri yolembedwa ya North America. Chinakwirira magalimoto akuluakulu onyamula miyala, koma palibe munthu anafa.