Ana asukulu olongedza makatoni a asilikali

M'chaka cha 2004, mtsikana wa zaka 15 wa ku California, Shauna Fleming, anayamba kusonkhanitsa makalata othokoza asilikali a dziko la America omwe anali kunkhondo ku Iraq ndi ku Afghanistan. Cholinga chake chinali choti makalatawo akwane 1 miliyoni. Chaka chisanathe, chiwerengerocho chinakwana, ndipo iye anakaonana ndi Pulezidenti George W. Bush. Ntchito ya mwana wasukuluyu ndi imene inabala bungwe la A Million Thanks.

Lero m'masukulu ambiri a ku America si zachilendo kuona ophunzira atandanda m'holo, aliyense akuponya kanthu m'katoni yopita kwa asilikali: masokosi, mswachi, mankhwala otsukira mano, khofi, nyama yang'ombe youmitsa, mafuta opaka pamilomo ndi makadi osewerera. Pamwamba pa zonse amaika kalata yolemba pamanja.

Masukulu amailimbikira ntchitoyi pa zifukwa ziwiri. Choyamba ndi lamulo. Ku Maryland, wophunzira wa kusekondale satsiriza maphunziro asanagwire ntchito yothandiza anthu kwa maola 75, ndipo masukulu enanso ambiri ali ndi malamulo awo otere. Chachiwiri ndi mpata umene ulipo pakati pa asilikali ndi anthu wamba. Chiyambire 1973, boma la America silikakamiza achinyamata kulowa usilikali. Mwa anthu oposa 330 miliyoni, amene ali pantchitoyi tsiku ndi tsiku ndi pafupifupi 1.3 miliyoni basi. Choncho ana ambiri amakula osadziwa msilikali ngakhale mmodzi, ndipo katoniyo ndi imene imawachititsa kuganizira za munthu amene wasiya banja kwa miyezi yambiri.

Komatu kutumiza katundu wotere si kungonyamula kupita naye kupositi. Mu 2001, chifukwa cha makalata okhala ndi tizilombo ta matenda a anthrax omwe anapha anthu asanu, akuluakulu a asilikali analetsa kutumiza kalata kapena phukusi lopanda dzina la wolandira. Kuyambira pamenepo, masukulu amadalira mabungwe amene ali ndi mayina ndi ma adiresi a asilikali.

Limodzi mwa mabungwewa ndi Operation Gratitude, lomwe Carolyn Blashek analiyambitsa m'nyumba mwake ku California mu 2003. Mayiyu ankathandiza pachipinda chopumuliramo asilikali pabwalo la ndege la Los Angeles, ndipo kumeneko anakumana ndi msilikali wina wobwerera kunkhondo amene anadandaula kuti ngakhale atafa, palibe amene angamulire. Pofika mu 2013, bungweli linali litatumiza makatoni 1 miliyoni. Lina ndi Soldiers' Angels, loyambitsidwa chaka chomwecho cha 2003 ndi Patti Patton-Bader mwana wake ali ku Iraq.

Malamulo otumizira makatoniwa ndi ambiri, ndipo ophunzira amawadziwira pantchito pomwepo. Mowa saloledwa. Nyama ya nkhumba sipita kumayiko achisilamu. Chokoleti chimasungunuka m'chipululu, ndipo sopo akagona pamodzi ndi mabisiketi, mabisiketiwo amafika akununkha sopo. Katoni iliyonse imafuna fomu yofotokoza zimene zili mkati. Chopepukirapo n'chakuti positi imalipiritsa ngati katunduyo akupita m'dziko momwemo, ngakhale msilikaliyo ali ku Kuwait kapena m'sitima yapamadzi.

Makalata nawo amayamba awerengedwa asanaikidwe m'katoni. Ana amalangizidwa kuti asalembe dzina la bambo, adiresi yakwawo kapena nkhani zandale. Salembanso deti, chifukwa kalata ikhoza kudikira miyezi. Chotsala ndi nkhani za moyo wa mwanayo: galu wake, timu imene amaichemerera, phunziro lomwe likumuvuta. Zinthu ngati masokosi msilikali akhoza kugula m'sitolo ya pakampu yaikulu, koma kalata yotere sangaipeze pashelefu iliyonse.

Pali ntchito zinanso zamanja. Ophunzira amaluka zibangili ndi chingwe cha parachuti, chomwe msilikali angachimasule n'kumangira katundu pakagwa vuto. Chikondwerero cha Halloween cha pa 31 October chikatha, ana amapereka maswiti otsala, ndipo madokotala ena a mano amathandiza kuwatolera.

Asilikali a America anachoka ku Afghanistan mu August 2021, koma ena akadali ku Poland, South Korea, Djibouti ndi kwina. Nkhani zawo sizimvekanso kawirikawiri pawailesi, ndipo mphatso zimakonda kuchuluka nyengo ya Khirisimasi. Sukulu yofunadi kuthandiza imafunsa kaye bungwe chimene chikusowa, kenako n'kulongedzanso makatoni mu March kapena mu June, pamene anthu ambiri aiwala.