Kodi wapolisi azibisa nkhope ali pa ntchito?

Anzanga, funso ili likuoneka ngati la anthu a m'tauni, koma likutikhudza ngakhale ife a kuno ku Mbungo. Ambirife tidzakwera Ilala kupita ku Nkhata Bay, ena ku Mzuzu kapena ku Lilongwe, ndipo kumeneko tidzakumana ndi apolisi osatidziwa, ifenso osawadziwa. Ndiye ndi bwino tidziwiretu.

Choyamba tisiyanitse zinthu zitatu. Pali wapolisi wa yunifolomu, amene aliyense amamuona kuti ndi wa boma. Pali a CID, amene amavala zovala wamba kuti afufuze milandu mwakachetechete, koma amayenda ndi chiphaso chawo. Ndiye pali wachitatu, wovala chophimba kumaso, wopanda dzina kapena nambala pachifuwa, nthawi zina ali m'galimoto yopanda nambala. Mkangano uli pa wachitatuyu.

Amene amati abise ali ndi mfundo, tisawaseke. Ntchito ya upolisi ndi yoika moyo pachiswe. Pa 8 October 2019, ku Msundwe m'boma la Lilongwe, anthu okwiya anapha mkulu wa apolisi, a Usumani Imedi, powagenda ndi miyala. Komanso masiku ano munthu amangojambula ndi foni n'kuika nkhope yako pa Facebook, mawa lake zigawenga zadziwa kumene ukukhala ndi kumene ana ako amaphunzira. Pa chilumba chaching'ono ngati chathu, wapolisi akamanga munthu m'mawa, madzulo akumana ndi abale ake a munthuyo pogula usipa. Mantha amenewo ndi enieni.

Koma tamvani zimene zinachitika ku Msundwe komweko. A Imedi ataphedwa, apolisi anapita ku Msundwe, M'bwatalika ndi Mpingu, ndipo amayi ndi atsikana anadandaula kuti anagwiriridwa ndi kuchitidwa nkhanza. Mu August 2020 khoti lalikulu linalamula kuti amayi 18 apatsidwe chipukuta misozi. Ndalama zoterozo zimachokera ku boma, kutanthauza misonkho ya makolo athu. Koma kuti wolakwayo alangidwe payekha, pamafunika kudziwa kuti ndi ndani. Akuluakulu amati mlandu suwola, inde, koma mlandu wopanda mwini wake uzengedwa bwanji?

Apa ndi pamene pagona nkhani. Lamulo la apolisi la 2010 linakhazikitsa bungwe la Independent Complaints Commission, kumene munthu angakadandaule ngati wapolisi wamulakwira. Ukafika kumeneko akufunsa kuti anali ndani. Iwe n'kuyankha kuti anali wamtali, wovala zakuda kumaso. Basi, nkhani yathera pomwepo eti?

Vuto lachiwiri ndi lakuti kubisa nkhope n'kosavuta kutengera. Pa 26 June 2025, mumzinda wa Lilongwe, anthu onyamula zikwanje, ena atabisa nkhope, anavulaza a Sylvester Namiwa a bungwe la CDEDI pa zionetsero, apolisi ndi asilikali ali pomwepo. Anthuwo sanali m'yunifolomu ya apolisi, koma phunziro ndi lomweli: tikazolowera kuona anthu obisa nkhope akugwira anthu mumsewu, sitidzathanso kusiyanitsa wa boma ndi wachifwamba. Wakuba azingogula kansalu kakuda n'kunena kuti ndi wapolisi.

Maiko ena nawonso akulimbana ndi nkhani yomweyi. Ku Kenya, mu August 2024, achinyamata atachita zionetsero zokana misonkho, khoti lalikulu linalamula kuti apolisi opita ku zionetsero azivala yunifolomu yokhala ndi dzina kapena nambala, ndipo asabise nkhope. Ku America, boma la California linakhazikitsa lamulo mu September 2025 loletsa apolisi ambiri kuphimba nkhope, anthu atadandaula ndi mmene ogwira anthu olowa m'dziko popanda chilolezo amachitira.

Maganizo anga ndi awa. Nkhope ndi nambala si chinthu chimodzi. Wapolisi akhoza kuvala chisoti chachitsulo kapena chodzitetezera ku utsi wokhetsa misozi, palibe vuto. Wofufuza gulu loopsa akhoza kubisala mpaka tsiku lomanga. Koma pa nthawi yogwira munthu, yomenya kapena yowombera, nambala yake izioneka poyera. Nambalayo siuza chigawenga kumene iye amagona, koma imathandiza khoti kumupeza akalakwa. Choncho wapolisi watetezeka, ifenso tatetezeka.

Pomaliza, sungani izi m'mutu. Gawo 42 la malamulo aakulu a dziko lathu limati munthu akamangidwa auzidwe chifukwa chake m'chilankhulo chimene amamva, ndipo akaonekere kukhoti pasanathe maola 48. Munthu wa zovala wamba akanena kuti ndi wapolisi, mufunseni mwaulemu kuti, “Bwana, tingaone nawo chiphaso chanu?” Musathawe, musalimbane naye, koma onetsetsani nambala, galimoto ndi nthawi, ndipo uzani makolo kapena aphunzitsi msanga.

Amene akutsutsa, lembani yankho lanu mumate pansipa. Tikambirane.

Wophunzira wa Fomu 2