Tsamba la Tiyi Likachita Chikasu

Achikumbi inu a ku Thyolo, mukamayenda m'munda wa tiyi musamangoona kuchuluka kwa nsonga zothyola. Penyetsetsaninso maonekedwe a tsamba, pakuti nthenda zambiri zimayamba kudziwika pamenepo.

Zaka za m'ma 1920 minda yambiri ya ku Thyolo ndi ku Mulanje inagwidwa ndi nthenda yachikasu. Masamba anthete anali kutuluka aang'ono, otumbuluka, mitsempha yokha ndiyo yobiriwira. M'mphepete mwake anali kupindikira m'mwamba, nauma kunsonga, nayoyoka, ndipo pomalizira nthambi zinali kufa kuyambira pamwamba. Kachirombo sikanaoneke. Tsono m'chaka cha 1933 akatswiri awiri, H. H. Storey ndi R. Leach, analengeza zimene anapeza: nthaka inasowa sulufule. Atathira sulufule, mitengo yofokayo inaphukanso masamba abwino.

Apa mpofunika kusamala. Chikasu chikayambira pa masamba akale am'munsi, kawirikawiri ndi njala ya naitrojeni. Chikayambira pa anthete akunsonga, ganizani za sulufule. Feteleza wa Sulphate of Ammonia ali nazo zonse ziwiri, koma wa Urea alibe sulufule mpang'ono pomwe. Munthu angathire matumba a Urea chaka ndi chaka, ndalama zikutha, chikasu chili chomwecho.

Masamba okhwima akafiira pamwamba ngati dzimbiri m'nyengo ya chilimwe, apukuteni ndi chala. Mukaona timadontho tofiira, amenewo ndi akangaude ang'onoang'ono oyamwa madzi a tsamba, ndipo mvula ikagwa amachepa. Timawanga takuda pa nsonga zanthete, nsongazo ndi kupotoka, ndi nchito ya kachirombo konga udzudzu kotchedwa Helopeltis.

Koma mtengo ukafota wonse, masamba ndi kuuma pamene inzake yoyandikana nayo ili bwino, bvuto lili pansi. Fukulani patsinde, musende khungwa. Mukapeza nkhungu yoyera pakati pa khungwa ndi mtengo, imeneyo ndi Armillaria, nthenda yochokera ku zitsa za mitengo yam'nkhalango. Feteleza sathandiza apa. Zulani mtengowo ndi mizu yake yonse, muutenthe. Leach yemweyo ndiye anaonetsa mu 1937 kuti kusenda khungwa mozungulira mtengo wam'nkhalango, ndi kuuleka kuti ufe usanadulidwe, kumachepetsa nthendayi m'munda watsopano.

Ngati mukukayika, tengani nthambi yathunthu, osati tsamba limodzi, mukaonetse alangizi, ndipo muwauze feteleza amene munathira.