Kodi wakufa amamva kuzizira? Mtsutso wa pasiwa mumzinda wa Mzuzu

M'mwezi wa Julayi, mphepo ya usiku ku Mzuzu imalowa mpaka m'mafupa. Nkhungu ikatsika kuchokera kumapiri a Viphya imakuta Chiputula yense, moti nyali ya pakhomo loyandikana nalo imangooneka ngati chiphaniphani. Usiku wotere ndi umene tinachezera pamaliro a gogo wina wa m'dera lathu. Amayi a gulu la mpingo la Umanyano anali m'nyumba kuimba nyimbo, ife abambo tili panja, titazinga moto wa zidutswa za matabwa a paini.

Madzulo a tsikulo, mwana wamkazi wa malemuyo anali atabwera ndi bulangete latsopano, likadali m'pepala lake, loti akafunditse mayi ake m'bokosi. Kamdzukulu kena, ka zaka ngati zisanu ndi chimodzi, kanaliyang'ana bulangetelo n'kufunsa ngati agogo akumvabe kuzizira. Akuluakulu anakauza kuti kakhale chete. Koma funso lija silinagone. Linatuluka panja, n'kudzakhala nafe pamoto mpaka tambala woyamba.

Mzuzu ndi mzinda wa obwera. Unayamba ngati esiteti ya mitengo ya tung mu 1947, unakhala mzinda mu 1985, ndipo pa kalembera wa 2018 munapezeka anthu oposa 220,000. Alipo Atumbuka, Atonga, Angoni, Angonde, Alambya, Achewa ndi Ayao, aliyense ndi mwambo wa kwawo ndiponso mpingo wake. Choncho pasiwa pamodzi pamatha kukhala anthu asanu olira munthu mmodzi, koma osagwirizana za kumene munthuyo ali.

Mawu amodzi, matanthauzo ambiri

Pafupifupi uthenga uliwonse wa maliro, wa pawailesi kapena pa WhatsApp, umathera ndi mawu akuti mzimu wa malemu uuse mumtendere. Timawanena mosaganizira, ngati moni. Koma mukawafukula, mupeza kuti pansi pake pali nkhani yomwe mipingo yakhala ikulimbana kwa zaka zambiri.

Mkhristu wa CCAP, wa Sinodi ya Livingstonia yomwe likulu lake lili mumzinda momwemu, amaphunzitsidwa kuti thupi limabwerera kudothi koma mzimu wa wokhulupirira umapita kwa Ambuye nthawi yomweyo. Amakumbutsa za lonjezo limene Yesu anapatsa wachifwamba uja pamtanda, m'buku la Luka. Mkatolika wa ku St Peter's amavomereza kuti mzimu sufa, koma amawonjezera kuti pali ena amene amayamba ayeretsedwa ku purigatoriyo, n'chifukwa chake amaperekera Misa omwalira, ndipo pa 2 Novembala chaka chilichonse amawakumbukira onse. Msilamu amaika maliro msanga, mtembo utakulungidwa m'nsalu yoyera, ndipo amakhulupirira kuti wakufa amafunsidwa ndi angelo m'manda momwemo podikira tsiku lachiweruzo.

Wa Seventh-day Adventist amapukusa mutu pa zonsezi. Iye amati wakufa wagona, sadziwa kanthu, ndipo adzadzuka pa kubweranso kwa Yesu. Amatsegula Mlaliki mutu 9 ndi nkhani ya Lazaro wa ku Betaniya. A Mboni za Yehova nawonso amati munthu alibe mzimu umene umapitiriza kuganiza thupi likafa. Kwa anthu awa, bulangete lija silifunda aliyense.

Mtsutsowu si wa lero kuno kumpoto. Robert Laws ndi anzake atakhazikika ku Bandawe mu 1881 n'kukwera ku Khondowe mu 1894, ankalalikira za kumwamba ndi za chilango chosatha. Kenaka mu 1908 kunabwera Elliot Kamwana, Mtonga amene anaphunzirapo ku Livingstonia komweko, atanyamula chiphunzitso cha Watch Tower chomwe chinkakana zoti kuli ng'anjo ya moto wosazima. M'miyezi yochepa anabatiza anthu oposa 9,000 m'dera la Nkhata Bay, ndipo boma la atsamunda linamuchotsa m'dziko muno mu 1909. Zimene abambo ankakangana pamoto ku Chiputula usiku uja ndi zimene azigogo awo ankakangana m'mbali mwa nyanja.

Ng'oma zolira usiku

Amishoni asanafike, anthu a kuno anali nalo kale yankho lawo. Mtumbuka ankadziwa Chiuta, mwini mvula ndi moyo, koma amene ankayandikira munthu tsiku ndi tsiku inali mizimu ya makolo. Wakufa sankapita kutali. Ankabwera kumaloto, ankachenjeza, ankakwiya akaiwalidwa, ndipo ankapepesedwa ndi ufa kapena mowa. Kwa Achewa n'chimodzimodzi: kumeta maliro, mowa wa bona ndi gule wamkulu, zonsezi ndi njira zoperekezera mzimu kuti ukakhazikike pakati pa makolo, usavutitse otsala.

Chikhulupiriro chimenechi sichinathe, chinangovala jekete. Wachibale akamwalira ku Johannesburg, mabanja a ku Mzimba amasonkherana ndalama zambiri kuti thupi liyende ulendo wa masiku, kudutsa Zimbabwe ndi Mozambique, likagone pafupi ndi makolo ake. Wogwira ntchito ku Luwinga akamwalira, galimoto imanyamuka kupita ku Rumphi, Karonga kapena Chitipa. Mukafunsa chifukwa, yankho limakhala lalifupi: munthu sangagone kuthengo ngati alibe kwawo. Pakapita chaka abale amakumananso kudzavundukula chiliza, abusa ali pomwepo, ndipo wolankhula m'malo mwa banja nthawi zina amatembenukira kumandako n'kulankhula ndi malemuyo ngati akumva.

Ndiye pali vimbuza. Kunja kwa mzindawu, ndiponso m'madera ena a mkati mwake, ng'oma zimalirabe usiku. Wodwala amakhala pakati, amayi ndi ana amazungulira kuimba ndi kuwomba m'manja, abambo ali pang'oma, mpaka mzimu umene wam'gwira utadziulula ndi kavinidwe kake. Bungwe la UNESCO linazindikira vimbuza mu 2005, chaka chomwe linazindikiranso gule wamkulu, kuti ndi chuma cha anthu onse. Steven Friedson, amene anakhala ndi nchimi za kumpoto kuno n'kulemba buku lotchedwa Dancing Prophets mu 1996, anafotokoza kuti mizimu ya vimbuza kawirikawiri imakhala ya mitundu ina, monga vyanusi vya Angoni, pomwe mizimu ya makolo imalankhula kumaloto. Boston Soko, amene anaphunzitsa pa yunivesite ya Mzuzu, anafufuzanso gule ameneyu kwa zaka zambiri.

Mipingo yambiri imaletsa vimbuza. Achipentekoste amati ndi ziwanda zofunika kuzitulutsa. A chipatala cha matenda a maganizo cha St John of God, chomwe chili mumzinda momwemu, amayang'ana zizindikiro zomwezo n'kufufuza nthenda ya nkhawa, kukhumudwa kapena khunyu. Mayi mmodzi yemweyo amatha kupita kwa onse atatu m'mwezi umodzi, ndipo aliyense amamuuza dzina losiyana la chimene chikumusautsa.

Zimene makina aona

Pamoto paja panalinso mnyamata wina wa kuyunivesite amene anayamba wamvetsera, kenaka n'kulankhula zomwe zinakhalitsa anthu chete. Iye anati maganizo, chikumbumtima ndi kukumbukira zonse ndi ntchito ya ubongo. Anakumbutsa za gogo yemweyo, amene chaka chake chomaliza ankaiwala mayina a ana ake atadwala sitiroko. Ngati kachigawo ka ubongo kataonongeka munthu amaiwala mwana wobereka yekha, nanga ubongo wonse ukawola adzakumbukira ndi chiyani?

Anthu oganiza chotere ndi ochepa m'Malawi. Kalembera wa 2018 anapeza kuti amene alibe chipembedzo ndi pafupifupi 2 pa anthu 100 alionse. Koma mawu awo amamveka, makamaka kuyambira pamene George Thindwa ndi bungwe la Association for Secular Humanism anayamba kumenyera nkhondo okalamba omangidwa pa milandu ya ufiti.

Madokotala nawo ayesapo kusuzumira kuseri kwa chitseko. Mu 2001, Pim van Lommel wa ku Netherlands anafalitsa kafukufuku m'magazini ya The Lancet wa anthu 344 amene mtima wawo unaima koma anatsitsimutsidwa. Mwa iwo, 62 ananena kuti anakumana ndi zinazake, monga kuwala, mtendere waukulu kapena kudziona ali kunja kwa thupi lawo. Mu 2014, gulu la Sam Parnia linatulutsa zotsatira za anthu 2,060 a vuto lomwelo m'zipatala 15. Anaika zithunzi pamashelufu a m'mwamba kuti amene akuti anayandama pamwamba pa thupi lake anene chimene anaona. Palibe amene anatchula chithunzi chilichonse, ngakhale kuti ambiri mtima unawaimira m'zipinda zopanda mashelufuwo. Bambo mmodzi yekha ndi amene anafotokoza molondola zina zimene zinkachitika pomutsitsimutsa. Mu 2023, Jimo Borjigin wa ku yunivesite ya Michigan anapeza kuti mwa odwala anayi amene ankamwalira, ubongo wa awiri unayaka mwamphamvu makina opumira atachotsedwa.

Wokhulupirira akamva izi amati mzimu unali kunyamuka. Wosakhulupirira amati ndi kuphethira komaliza kwa ubongo wosowa mpweya. Chimene onse ayenera kuvomereza n'chakuti anthu onse ofunsidwawo anabwerera asanaikidwe. Anafika pakhomo, sanalowe m'nyumba.

Pamene yankho limavulaza amoyo

Ndikadakonda kunena kuti mtsutso umenewu umathera pa kuseka ndi tiyi wa m'bandakucha. Koma si nthawi zonse. Alipo maliro amene amasanduka bwalo la milandu, pamene wina wanena kuti malemu sanafe imfa ya Mulungu, anatengedwa m'matsenga kuti akakhale ndondocha pa chigayo kapena pasitolo ya wachibale. Chala chimaloza gogo wosauka kapena mkazi wamasiye, nyumba zimatenthedwa, ndipo m'dziko muno okalamba aphedwapo pa nkhani zotere, ngakhale kuti lamulo la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti. Alipo aneneri amene amauza mayi wosabereka kapena mnyamata wosowa ntchito kuti wamangidwa ndi mizimu ya makolo, kenaka n'kutchula mtengo womumasulira. Alipo odwala khunyu amene amachedwa kufika kuchipatala chifukwa abale akudikira kuti mzimu uyambe walankhula.

Apa ndi pamene ine ndimaima. Munthu akhulupirire kuti mayi ake ali kumwamba, ali mtulo, ali pakati pa makolo kapena atha basi, ndi ufulu wake, ndipo palibe sikelo imene ingamutsutse. Koma aliyense amene akunena kuti akudziwa zimene akufa akufuna, n'kugwiritsa ntchito mawu awo polanda, poopseza kapena pomenya wamoyo, ameneyo tiyenera kumufunsa umboni mokweza. Akufa sangadziyankhire, choncho n'kosavuta kuwanamizira.

M'mawa kutacha tinanyamula bokosi kupita kumanda a ku Zolozolo. Mwana wamkazi uja anali atafunditsa kale mayi ake, bulangete litapindidwa bwino mpaka pachifuwa monga ankachitira usiku uliwonse m'chaka cha matenda. Wa Adventist amene tinali naye pasiwapo sanatsutse, mnyamata wa kuyunivesite anagwira nawo chigwiriro cha bokosi. Ndinaona kuti palibe ndi mmodzi yemwe mwa ife amene akanalola kuti gogoyo atsikire m'dothi lozizira la Mzuzu wopanda chofunda. Kamdzukulu kaja sikanayankhidwebe. Kanaima pambali pa dzenje, katagwira chitenje cha mayi ake, kakuyang'ana mpaka fosholo yomaliza.